Wi-Fi ya nyumba yaikulu: AP yodziyendetsa yokha ndi AP yomvera controller

Mwini malo ogona alendo ku Katoto kapena mkulu wa sukulu ku Luwinga, mumzinda wa Mzuzu, akaitanitsa mitengo yoikira Wi-Fi, kawirikawiri amalandira mapepala awiri osagwirizana. Katswiri woyamba walemba ma AP 6, waya ndi ndalama ya ntchito, basi. Wachiwiri walembanso ma AP 6, koma pansi pake wawonjezera chinthu chotchedwa controller, choyendetsera ma AP onse pamalo amodzi, mwinanso ndalama ya laisensi yolipira chaka ndi chaka, ndipo mtengo wonse wakwera. Aliyense mwa awiriwa amanenetsa kuti njira yake ndiyo yoyenera, ndipo wogula, amene akungofuna kuti alendo kapena ophunzira azilowa pa intaneti popanda madandaulo, amasowa pogwira. Nthawi zina chipangizo cholembedwa pa mapepala onse awiri chimakhala chimodzimodzi. Chimene chasiyana ndi malo amene zisankho zoyendetsera netiweki zimapangidwira, komanso munthu amene akusunga kiyi wa malowo.

AP ndi chiyani

AP ndi chidule cha mawu akuti access point. Ndi kachipangizo kamene nthawi zambiri kamaoneka ngati mbale yoyera yomatidwa kudenga, mbali ina n'kolumikizidwa ku waya wa netiweki ndipo mbali inayo kamalankhulana ndi mafoni ndi makompyuta kudzera m'mafunde a wailesi. Ambiri amakatcha rauta, chifukwa kabokosi kamene timagula kuti tiike kunyumba kamagwira ntchito zingapo nthawi imodzi: kamalandira intaneti kuchokera ku kampani, kamagawira foni iliyonse nambala yake, kenako kamaulutsa Wi-Fi. M'nyumba yaikulu ntchitozi amazilekanitsa, ndipo AP imatsala ndi yomalizayo yokha. Tikayerekezera ndi madzi, paipi yaikulu yolowa pampanda ndiyo intaneti, mita ndiyo rauta, ndipo ma AP ndi mipopi yoikidwa apa ndi apo kuti munthu asayende mtunda wautali ndi ndowa.

Malamulo a kalankhulidwe ka zipangizozi, otchedwa 802.11, anakhazikitsidwa ndi bungwe la IEEE mu 1997, ndipo liwiro lake linkangofika 2 Mbps (Mbps ndi muyeso wa liwiro la netiweki). Mu 1999 kunabwera 802.11b ya 11 Mbps, ndipo m'chaka chomwecho dzina lakuti Wi-Fi linayamba kumveka. Liwiro lakwera kwambiri chiyambire nthawi imeneyo, koma chimene sichinasinthe n'chakuti mafunde amafooka akamadutsa m'zinthu. Khoma la njerwa zowotcha limawadya, konkire yokhala ndi zitsulo mkati imawadya koposa, ndipo malata amawabweza. N'chifukwa chake nyumba ya zipinda 30 singakwanire ndi AP imodzi, ngakhale itakhala yokwera mtengo chotani. Ma AP akachuluka m'pamene funso la kayendetsedwe limabadwa.

AP yodziyendetsa yokha

Ma AP oyambirira onse anali odziyendetsa okha, ndipo ambiri amene akugulitsidwa lero amathabe kugwira ntchito motero. AP yotereyi imasunga mkati mwake zonse zimene ikufunika: dzina la netiweki, pasiwedi, tchanelo choulutsirapo, mphamvu ya mafunde ndi malamulo a chitetezo. Wofuna kusintha chinthu amalowa pa tsamba la AP imeneyo, n'kusintha, n'kutuluka, ndipo AP ya chipinda choyandikana siidziwa n'komwe kuti pachitika kanthu. Zili ngati maokala a ku Chibavi ondondozana mumsewu umodzi: onse akugulitsa sopo ndi mchere, koma aliyense ali ndi mwini wake, buku lake la ngongole ndi nthawi yake yotsegulira.

Ubwino wa njirayi ndi woonekeratu. Palibe chipangizo china chogula, palibe laisensi, ndipo AP imodzi ikapsa ndi mphezi, monga zimachitikira m'nyengo ya mvula mumzinda muno, zinazo zimapitiriza ngati kuti palibe chachitika. Pa ofesi ya zipinda zitatu, kapena pa sitolo, n'zovuta kupeza chifukwa chofunira zoposa pamenepa.

Kuvuta kwake kumaoneka pa tsiku losintha zinthu. Ndinaonapo ntchito imeneyi pa malo ena ogona alendo mumzinda muno, pamene mwini wake anafuna kusintha pasiwedi chifukwa inali itafalikira mpaka kwa anthu okhala kuseri kwa mpanda. Katswiri anazungulira ndi laputopu yake chipinda ndi chipinda. Ma AP anayi anamulola kulowa, koma awiri anakana, chifukwa pasiwedi ya woyang'anira inkadziwika ndi munthu amene anawaika poyamba, yemwe anali atasamuka kalekale. Anachita kubwereka makwerero, kugwetsa kachipangizoko kudenga, kudina kabowo kakumbuyo ndi kawaya mpaka kanyali kayambe kuthwanima, kenako kulembanso zonse kuyambira pachiyambi. Ntchito imene mwini wake ankaganiza kuti ndi ya mphindi zochepa inatha dzuwa litapendeka, ndipo amenewo anali ma AP 6 okha. Pamalo pa ma AP 60, kulakwitsa chilembo chimodzi pa AP imodzi kumabala dandaulo lakuti Wi-Fi imagwira paliponse kupatula pakona inayake, ndipo kupeza chifukwa chake kumatenga masiku.

Pali mbali ina imene saiganizira ambiri, ya pulogalamu ya mkati mwa chipangizo. Mu Okutobala 2017 wofufuza wa ku Belgium, Mathy Vanhoef, anaulula chibowo m'chitetezo cha Wi-Fi cha WPA2 chimene chinatchedwa KRACK, ndipo makampani anatulutsa zokonza za mafoni, makompyuta ndi ma AP. Pamalo pa ma AP odziyendetsa okha, zokonza zotere zimaikidwa imodziimodzi, ndipo pamene palibe munthu wopatsidwa ntchitoyo, siziikidwa n'komwe.

Tchanelo ndi kusokonezana kwa mafunde

Kuti timvetse chifukwa chimene controller inayambira, tiyenera kudziwa kaye kuti Wi-Fi imalankhula mosinthana. Pa tchanelo chimodzi, chipangizo chimodzi chokha ndicho chimalankhula pa nthawi, ndipo zina zonse zimene zikuchimva zimadikira, monga pabwalo la milandu kwa amfumu pamene wina akaimirira ena onse amakhala chete. Mabwalo awiri akayandikana mpaka kumamvana, amasanduka bwalo limodzi lalikulu, ndipo mpata wa munthu aliyense wolankhula umachepa. Umu ndi mmene zimakhalira ma AP awiri oyandikana akakhala pa tchanelo chimodzi.

Pa gulu la mafunde a Wi-Fi lotchedwa 2.4 GHz matchanelo amene anthu amadalira kuti asalowererane ndi atatu okha: 1, 6 ndi 11. Pa gulu lina, la 5 GHz, alipo ochulukirapo, koma mafundewo salimba podutsa m'makoma. Choncho woika netiweki amayenera kuwagawa mosamala kuti ma AP oyandikana asafanane, komanso kuchepetsa mphamvu ya ena. Apa ambiri amadabwa, chifukwa amaganiza kuti kukweza mphamvu mpaka pamapeto ndiko kukonza. AP yofuula kwambiri imamveka kutali, inde, koma foni ili ndi mawu aang'ono, ndipo yankho lake silifika. Munthu amaona timizere ta Wi-Fi tadzaza koma tsamba silikutseguka.

AP yodziyendetsa yokha imatha kudzisankhira tchanelo, koma imasankha malinga ndi zimene ikumva yokha, ndipo yambiri imasankha pa nthawi yoyaka. Magetsi akathima n'kubweranso, ma AP onse amadzuka limodzi, aliyense amamvetsera n'kupeza kuti kuli zii chifukwa anzake sanayambe kuulutsa, ndipo angapo amatha kugwera pa tchanelo chimodzi. Katswiri wodziwa ntchito amapewa zimenezi mwa kuika matchanelo ndi manja, ndipo pa nyumba yaing'ono zimenezo n'zokwanira, kufikira tsiku limene woyandikana naye waika Wi-Fi yake.

Controller

Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, makampani atsopano a ku California monga Airespace, Aruba ndi Trapeze anabwera ndi ganizo lakuti nzeru zichotsedwe mu AP ziikidwe m'bokosi limodzi lapakati. AP inatsala yopepuka, ntchito yake kuulutsa ndi kulandira mafunde, ndipo bokosilo, lomwe ndilo controller, linatenga ntchito yogawa matchanelo, kusintha mphamvu, kuzindikira olowa ndi kusunga malamulo. Kampani ya Cisco, imene panthawiyo inkagulitsa ma AP odziyendetsa okha a mtundu wa Aironet, inagula Airespace mu 2005 pa mtengo wa pafupifupi madola 450 miliyoni, ndipo zimenezi zinasonyeza kumene msika wa mabungwe akuluakulu unkalowera. Chilankhulo cha pakati pa AP ndi controller cha Airespace chinkatchedwa LWAPP, ndipo mu 2009 bungwe la IETF linasindikiza cholowa m'malo mwake, CAPWAP, m'chikalata chotchedwa RFC 5415.

Kagwiridwe kake n'kotere: AP yatsopano ikalumikizidwa ku waya, imafunafuna controller, ikaipeza imadziwonetsa, kenako imalandira pulogalamu ndi malamulo onse popanda munthu kuigwira. Woyang'anira akasintha pasiwedi pamalo amodzi, ma AP onse amasintha pa kanthawi kochepa. AP imodzi ikafa, controller imaona ndipo imatha kukweza mphamvu ya zoyandikana nayo kuti zitseke mpatawo. Tingayerekezere ndi sukulu imene mphunzitsi wamkulu amalemba ndandanda ya maphunziro ndi kuliza belu: mphunzitsi aliyense amaphunzitsa m'kalasi mwake, koma palibe awiri amene amalimbirana chipinda chimodzi.

Pano pali kusiyana kumene wogula ayenera kufunsa mwachindunji, chifukwa pa pepala la mitengo sikulembedwa. Pakati pa AP ndi controller pamayenda zinthu ziwiri: malamulo oyendetsera, ndi katundu weniweni wa ogwiritsa ntchito, kutanthauza mauthenga, mavidiyo ndi masamba amene akutsegula. M'kakonzedwe kakale, zonse ziwiri zimadutsa mu controller, motero bokosilo likazima netiweki yonse imagwa ngakhale ma AP onse akuyaka. N'chifukwa chake mabungwe akuluakulu amagula ma controller awiri, ina yodikirira, ndipo mtengo umawirikiza. M'kakonzedwe kena, controller imangopereka malamulo, ndipo katundu amatuluka pa AP kulunjika ku intaneti osapatukira kwina. Cisco imatcha njira yotereyi FlexConnect, ndipo inapangidwira nthambi zakutali. Bungwe limene likulu lake lili ku Lilongwe koma lili ndi ofesi ku Mzuzu lingathe kusunga controller kulikulu, ndipo waya wa pakati pa mizinda iwiriyi ukaduka, ofesi ya kuno imapitiriza ndi malamulo amene inalandira komaliza.

Kusamuka kuchoka pa AP ina kupita pa ina

Dandaulo lofala kwambiri m'nyumba zazikulu n'lakuti foni ya pa WhatsApp imaduka munthu akamayenda pakhonde. Chimene chimachitika n'chakuti foni yasiya AP imodzi n'kugwira ina, ndipo pa kusinthako yayenera kudzidziwikitsanso. Mfundo imene ogulitsa ena saitchula n'njakuti amene amasankha nthawi yosamuka ndi foniyo, osati AP kapena controller. Mafoni ena ndi okakamira: amagwiritsitsa AP ya kuchipinda cholandirira alendo ngakhale mwini wake wafika kale kumapeto kwa nyumba, pansi penipeni pa AP ina.

Pofuna kuchepetsa vutoli, IEEE inawonjezera malamulo atatu. 802.11k, ya 2008, imapatsa foni mndandanda wa ma AP oyandikana kuti isataye nthawi kufufuza. 802.11r, ya chaka chomwecho, imakonzeratu makiyi a chitetezo kuti kudzidziwikitsa pa AP yatsopano kukhale kwachangu. 802.11v, ya 2011, imalola netiweki kulangiza foni kuti isamuke, ngakhale foniyo ili ndi ufulu wokana. Zili ngati mlendo amene walembetsa dzina pachipata chachikulu n'kupatsidwa kakhadi: pakhomo lililonse la mkati amangokaonetsa, m'malo moyambanso kufotokoza kuti ndi ndani ndipo wachokera kuti. Kuti zimenezi zitheke, ma AP ayenera kudziwana ndi kugawana makiyi, ndipo controller ndi njira yosavuta yochitira zimenezo. Ma AP odziyendetsa okha opatsidwa dzina limodzi ndi pasiwedi imodzi amalolabe foni kusamuka, ndipo kwa munthu wongowerenga mauthenga kusiyanako sikuoneka. Kumaoneka kwa namwino woyenda ndi tabuleti m'mawodi, kapena kwa munthu amene ali pa msonkhano wa pa vidiyo.

Pa nkhani ya chitetezo, ndi bwino kuchotsa kusamvetsetsana kumodzi. Kupatsa munthu aliyense dzina ndi pasiwedi yakeyake, njira imene netiweki ya mayunivesite ya eduroam imagwiritsa ntchito, kumadalira seva yotchedwa RADIUS, kompyuta yotsimikizira maina ndi mapasiwedi a olowa, ndipo ma AP ambiri odziyendetsa okha amatha kulankhula nayo. Chimodzimodzinso kulekanitsa alendo ndi makompyuta a ofesi ya zachuma. Chimene controller imawonjezera ndi kutsimikiza kuti lamulo ndi lofanana pa AP iliyonse, komanso kusonyeza pamalo amodzi ngati wina wabweretsa karauta kake n'kukalumikiza mobisa.

Cloud ndi njira zapakati

Lero magulu awiri aja salinso olekana bwinobwino. Kampani ya Meraki, imene inayamba mu 2006 kuchokera ku kafukufuku wa Roofnet pa yunivesite ya MIT ku America, inachotsa bokosi m'nyumba ya wogula n'kuika controller pa maseva ake, ofikirika kudzera pa intaneti, ndipo Cisco inaigula mu 2012 pa madola 1.2 biliyoni. Njira imeneyi ndiyo imatchedwa cloud. Ikufanana ndi mwini minibasi amene ali ku Johannesburg koma amalangiza dalaivala wa pakati pa Mzuzu ndi Nkhata Bay pa foni: foni ikaduka, minibasi imayendabe monga mwa malangizo a dzulo, koma palibe chatsopano chimene chingalamulidwe. Katundu wa ogwiritsa ntchito sapita ku maseva akunjawo. Kumapita malamulo ndi ziwerengero za kagwiritsidwe ntchito. Msampha wake uli pa laisensi. M'dongosolo la Meraki limene lakhalapo kwa zaka zambiri, laisensi ikatha pamakhala masiku 30 odikirira, ndipo akatha zipangizo zimasiya kugwira ntchito, ngakhale zinagulidwa ndi ndalama zonse. M'dziko limene ndalama zakunja zimasowa, ndipo kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngongole ya chaka ndi chaka yowerengedwa m'madola si nkhani yaing'ono.

Pali mitundu ina imene controller yake ndi pulogalamu yaulere yoikidwa pa kompyuta wamba kapena pa kabokosi kakang'ono, monga UniFi ya Ubiquiti, Omada ya TP-Link ndi CAPsMAN ya MikroTik, kampani ya ku Latvia. Pa UniFi, mwachitsanzo, controller ikazima ma AP amapitiriza kuulutsa, koma ziwerengero sizisungidwa ndipo tsamba lolowera alendo ndi mavawucha limatha kusiya kugwira, chinthu chimene mwini malo wogulitsa Wi-Fi pa ola ayenera kuchidziwa asanazimitse kompyuta ya pa ofesi madzulo. Ndiye pali mitundu monga Aruba Instant ndi Ruckus Unleashed, imene ma AP amasankha mmodzi mwa iwo kukhala mtsogoleri, ndipo iyeyo akafa amasankha wina, monga gulu la banki m'khonde lisankhira tcheyamani pakati pa mamembala ake. Njira imeneyi ili ndi malire a chiwerengero cha ma AP, koma malirewo ndi otalikira nyumba zambiri za mumzinda uno.

Mafunso amene akadali otseguka

Funso loyamba, limene akatswiri okhaokha sagwirizana, n'lakuti malire ali pa ma AP angati. Ena amati akapitirira atatu, ena amati khumi, ndipo onse ali ndi zifukwa, chifukwa yankho limadalira kuchuluka kwa nthawi zimene zinthu zimasinthidwa ndi kuchuluka kwa anthu oyendayenda, osati chiwerengero chokha. Sitolo 8 zotalikirana zokhala ndi AP imodziimodzi zingafune kuyendetsedwa pamalo amodzi kuposa nyumba imodzi ya ma AP 8 imene palibe amene amaigwira chaka chonse.

Lachiwiri n'la kumangika kwa wogulitsa mmodzi. Ngakhale CAPWAP inalembedwa ngati lamulo la onse, makampani anawonjezeramo zawozawo, ndipo AP ya kampani ina simvera controller ya kampani ina. Makampaniwo akugulananso: HP inagula Aruba mu 2015, Juniper inagula Mist mu 2019, ndipo HPE, kampani yobadwa kuchokera ku HP, inadzagula Juniper yomweyo mu 2025. Bungwe la Telecom Infra Project linayambitsa ntchito ya OpenWiFi, yofuna kuti ma AP a makampani osiyana azimvera controller imodzi, koma zikuyembekezeka kuoneka ngati idzafike m'masitolo amene wogula wa kuno amapezako zipangizo.

Lachitatu n'la malamulo. Controller ya cloud imasunga nambala za mafoni amene analowa pa netiweki, nthawi imene analowa ndi AP imene anali pafupi nayo, ndipo maseva ake ali kunja kwa Malawi. Lamulo loteteza uthenga wa anthu la 2024, limene linapatsa MACRA udindo woyang'anira, lili ndi ndime zokhudza kutumiza uthenga wotere kunja kwa dziko, ndipo mmene ndimezo zidzagwirire ntchito pa sukulu kapena chipatala chaching'ono chimene chagula ma AP a cloud ndi nkhani imene eni malo ambiri sanayambe kuifunsa.

Funso lomaliza ndi limene ine limandikhudza kwambiri, chifukwa silili pa zipangizo. Controller imasonkhanitsa mphamvu zonse pa akaunti imodzi, ndipo kawirikawiri akauntiyo imatsegulidwa m'dzina la katswiri amene anabwera kudzaika netiweki. Malinga ngati ubale uli bwino, zimenezi zimathandiza, chifukwa iye amatha kukonza vuto ali kunyumba kwake ku Mchengautuwa osakwera kabaza. Koma akasamuka, akadwala kapena mukasemphana pa malipiro, ma AP onse amatsekeka limodzi, pamene pa malo ogona alendo aja anatsekeka awiri okha mwa 6. Mbali inayo, ma AP odziyendetsa okha amafuna munthu wosunga mapasiwedi ambiri ndi kukumbukira kuika zokonza pa iliyonse, ndipo munthu wotereyu mabungwe ang'onoang'ono ambiri alibe. Kodi akaunti ya controller iyenera kulembedwa m'dzina la mwini nyumba amene sadziwa kuigwiritsa ntchito, kapena la katswiri amene si mwini katundu, ndipo mgwirizano wa pakati pawo uyenera kunena chiyani za tsiku losiyana?